Kasankhidwe ka katochi kakang'ono koma kowala, koyenda nako m'thumba tsiku lililonse

Kugula tochi kumaoneka kophweka, koma ambirife kuno ku Kasungu timagwa nayo daily ndipo sitimva. Umalowa mumsika masana dzuwa likuswa mtengo, venda wakuyatsira kumaso, iwe wathobwa, basi wakhutira kuti ngini ndi imeneyi, walipira. Pakangotha masabata awiri magetsi azima, ukuitenga, ikuphethira ngati chiphaniphani, kapena uyambe waimenya kaye pachikhatho kuti iyake. Ine kwanga kuli kachitini ka matochi akufa, tsiku lina ndinawerenga anakwana asanu ndi awiri, ndalama zake mutaziphatikiza bwenzi nditagula imodzi yeniyeni kalekale.

Chinanditsegula mutu ndi usiku wina mu Disembala mvula itangokata. Mbuzi zinayamba kulira kukhola, ine kutuluka ndi foni basi, batire lili pa 6 pelesenti, patapata kuphazi. Tochi ya pafoni mukuidziwa, imangowalitsa pomwe waponda kale. Ndinaima chifukwa galu anaima, osati kuti ndinaona kanthu ayi. Nditawerama, mphiri ili phee pakanjira masitepe awiri kutsogoloku, ndipo paja mphiri sithawa, imangodikira uiponde. Kuyambira tsiku limenelo tochi ndimayenda nayo ngati makiyi.

Apa tikukamba za katochi kolowa m'thumba la buluku kapena m'kachikwama, osati zitochi za alonda zija zokhala ndi chogwirira ngati ketulo.

Zoti mutenge popita kokagula

- Foni yanu, yotchaja bwino. Tochi yake ndi kamera yake ndiye muyeso wanu.
- Chingwe chomwe mumatchajira foni, ndi power bank ngati muli nayo.
- Mabatire awiri atsopano a AA, ngati mukuganiza zogula tochi ya mabatire amenewa.
- Jekete, chitenje chakuda kapena kakatoni, chopangira mdima.
- Buluku, siketi kapena chikwama chomwe mumayenda nacho masiku onse. Valani chomwecho.
- Kandalama kapadera ka batire lachiwiri. Musathere zonse pa tochi.

Ngati mungathe pitani chakumadzulo, mashopu atatsala pang'ono kutseka, kunja kutayamba kuchita chizirezire.

Sitepe 1: Dzifunseni kuti usiku mumakhala kuti

Izi sizitenga nthawi, koma musadumphe. Munthu wa m'tauni amene vuto lake ndi magetsi akazima, kupita kuchimbudzi, kufufuza kiyi pachitseko, kuona mayunitsi pamita, safuna tochi yofanana ndi ya mlimi wa ku Chamama kapena ku Santhe amene amadzuka pakati pausiku kukaona chigafa kapena kusonkhezera moto kubalani. Wa kabaza amafuna yoti aime nayo pambali pa M1 tcheni chikaduka, manja onse awiri ali pantchito. Amayi odikirira wodwala kuchipatala amafuna yowala pang'ono yoti isadzutse wodi yonse. Ndipo abale athu okhala kumalire a Kasungu National Park, makamaka chibwerere njovu 263 zochokera ku Liwonde mu 2022, amafuna yoponya kuwala kutali kuti aone chomwe chikuswa chimanga asanayandikire.

Sankhani ntchito imodzi yomwe mumaichita kwambiri, mugulire imeneyo.

Chenjezo: katochi ka m'thumba nkoonera, sikothamangitsira njovu kapena fisi. Mukaona, bwererani.

Sitepe 2: Sankhani batire kaye, tochi pambuyo

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndiye ndichedwapo. Tochi ndi kachitsulo chabe, moyo wake uli m'batire, ndipo funso silakuti batire labwino ndi liti, funso ndi lakuti inuyo komwe mukukhalako mungamalidzadzitse bwanji likatha.

Mitundu yomwe mukumane nayo ndi iyi.

AA ndi AAA. Awa ndi aja timaika mu wailesi yaing'ono ndi mu rimoti, a 1.5V. Ubwino wake amapezeka paliponse, pagulosale, paokala, olo pakamsika kakumudzi. Kuipa kwake amadya ndalama mwakachetechete, ndipo a mtundu wotchipa uja amatha msanga kenako n'kuyamba kutuluka madzi mkati mwa tochi. Ngati mwasankha njira imeneyi tengani tochi ya AA limodzi kapena awiri, ndipo muzigula olembedwa alkaline. Aliponso a AA otchaja olembedwa NiMH, a 1.2V, amagwira bwinobwino m'matochi ambiri koma amafuna tchaja yawoyawo.

Matochi a AAA atatu oikidwa m'kakhola kapulasitiki aja, ine ndiye ndinasiya. Mphamvu yochepa, mabatire atatu nthawi imodzi, ndipo kakholako ndi komwe kamayamba kuthyoka.

18650. Ili ndi batire la lithium lotchaja, lalikulu pang'ono kuposa AA, ndipo dzina lake ndi muyeso wake: mamilimita 18 kunenepa, 65 kutalika. Ndi la 3.7V, likadzadza limafika 4.2V. Limodzi labwino limasunga mphamvu pafupifupi ya mabatire atatu a AA, ndipo mumalitchaja kambirimbiri. Kwa ine tochi ya 18650 imodzi yokhala ndi potchajira pa USB ndiye yoyenera anthu ambiri kuno, chifukwa pafupifupi aliyense ali ndi njira yotchajira foni, kaya ndi magetsi, kasola ka padenga, power bank, mugalimoto, kapena kukasiya pabenchi yotchajitsa mafoni. Pomwe foni ikudya, tochi idyenso pomwepo.

Liliponso la 21700, mkulu wake wa 18650, limasunga zambiri koma tochi yake imayamba kulemera m'thumba. Ndi 14500, lomwe kukula kwake ndi chimodzimodzi AA koma ndi la 3.7V.

Batire lomatiramo. Timatochi tambiri ta pamakiyi timabwera ndi batire losachotseka. Timapepuka, ndi tabho kukhala tachiwiri, koma batire likafa tochi yafanso, ndipo likatha muli panjira simungasinthe.

Tsono machenjezo, ndipo awa muwerenge kawiri.

Loyamba, manambala a mAh, omwe ndi muyeso wa mphamvu yomwe batire limasunga. Batire la 18650 lenileni, la makampani akuluakulu ngati Samsung, LG, Panasonic, limathera cha m'ma 3500mAh. Mukaona lolembedwa 6800mAh, 8800mAh, 9900mAh, limenelo ndi bodza loyera, ndipo nthawi zambiri mkati mwake mumakhala mochepa kuposa lolembedwa 2600 moona mtima. Linyamuleni m'manja. Lenileni limalemera magalamu 45 kapena kupitirira pang'ono, la feki limapepuka ngati mulibe kanthu. Ngati pafupi pali kasikelo ka digito, pimitsani, musachite manyazi.

Lachiwiri, 14500 musaliike mu tochi ya AA pokhapokha palembedwe kuti imalola. Likwanamo bwinobwino, liwala kwambiri kwa kamphindi, kenako tochi yapsa. Mlamu wanga anaonongera tochi yake choncho, mpaka lero amati inali yofooka.

Lachitatu, ma 18650 ena ali ndi kamutu kotukuka, ena ndi aphwatalala, ena ndi ataliko pang'ono chifukwa ali ndi kachitetezo mkati. Si tochi iliyonse imalandira onse. Batire lachiwiri mugule nthawi yomweyo, muliyesere pomwepo.

Lachinayi, aja ochotsa m'mabatire a laputopu zakale. Inde ndi ma 18650 ndithu, ena amakhala adakali ndi moyo, koma simudziwa mbiri yake. Lokhala ndi dzimbiri, lophwanyika pena, kapena lomwe kachikopa kapulasitiki kang'ambika, lisiyeni olo akupatseni ulere.

Sitepe 3: Musanamizidwe ndi ma lumen

Lumen ndi muyeso wa kuchuluka kwa kuwala. Kuti mumvetse, kandulo imatulutsa cha m'ma 12. Tochi ya pafoni ndi makumi angapo chabe. Babu lakale lija la mawatsi 60 linkatulutsa pafupifupi 800. Babu limodzi la halogen la kutsogolo kwa galimoto lili pakati pa 1000 ndi 1600 chakuti. Ndiye wina akuonetseni katochi kotalika ngati chala, pakatoni palembedwa 50000 kapena 100000 lumens, inu mukhulupirire kuti kakuposa magalimoto makumimakumi ataima pamodzi? Ayi abale.

Zoona zake ndi izi. Tochi ya AA limodzi ikafika 150 kapena 200 yayesetsa. Ya 18650 imodzi imatha kufika 1000 kapena kupitirirako, koma kwa kanthawi kochepa, chifukwa imatentha ndiye imadzitsitsa yokha pakatha mphindi zochepa. Kumeneko si kuonongeka, ikudziteteza. Yokayikitsa ndi yomwe ikuti ndi ya 2000 koma olo muiyatse mphindi khumi mutu wake uli zii osafunda.

Pa moyo wa tsiku ndi tsiku, momwe ndaonera ine: m'nyumba usiku 5 kapena 10 yakwana, kuyenda pakanjira 50 mpaka 100 ndi zambiri kale, kuunika kuseri kwa khola kapena kumapeto kwa bwalo 300 mpaka 500. Za 1000 mumazifuna masekondi ochepa, mwamva chiphokoso kumunda mukufuna muone kuti n'chiyani. Ndiye nambala yofunika kwambiri pakatoni si yapamwamba ija, ndi yomwe ikunena kuti pa kuwala kwapakati ikhala maola angati. Makampani osabisa amalemba ka tebulo, mlingo uliwonse wa kuwala ndi maola ake, ndipo ena amaikapo chizindikiro cha ANSI FL1, muyeso womwe makampani anagwirizana poyesa matochi. Dziwaninso kuti pa muyeso umenewu maolawo amawerengedwa mpaka kuwala kutatsika kufika pa 10 pelesenti, ndiye chakumapeto kwake imakhala itafooka kale.

Katoni yopanda tebulo, yongodzadza ndi zithunzi za asilikali ndi mphezi, ikuuzani kale zambiri.

Sitepe 4: Onani mmene kuwalako kukugwera

Matochi awiri a ma lumen ofanana amatha kuwala mosiyana kutalitali. Ina imamwaza kuwala ponseponse pafupi, ina imakuunjika pakadontho kamodzi n'kukuponya kutali. Ya m'thumba yabwino imakhala ndi zonse pang'ono: pakati powala kwambiri, kuzungulira pake kuwala kofewa koti muziona m'mbali mwa njira. Kuwala kwa m'mbaliko musakupeputse, njoka ndi zinkhanira sizikhala pakati pa kadontho kanu.

Za zoom zija zokoka mutu, ndikudziwa zimasangalatsa, ukakoka kamatuluka kabokosi kowala pamtengo wa uko, ana kukuwa. Koma ukakoka choncho kuwala kwambiri kumatsalira mkati mwa mutu, ndipo polowa ndi potuluka paja pamayamwa fumbi ndi madzi. Ndi fumbi la kuno la mu Seputembala ndi Okutobala, miyezi ingapo galasi lachita mbuu mkati momwe simungapukute. Ine sindigulanso.

Mtundu wa kuwala nawo. Zambiri zotchipa zimawala mobiriwira ngati buluu, zimaoneka zamphamvu koma zimatopetsa maso, ndipo mukakhala fumbi, nkhungu kapena mvula yowaza kuwalako kumabwerera kumaso kwanu. Ngati palembedwa 4000K kapena 5000K, tengani imeneyo kusiyana ndi 6500K yomwe ndi ya buluu ija, mitundu ya zinthu imaoneka mwachilengedwe. Amene munayesapo kuyang'ana tsamba la fodya ndi tochi ya buluu mukudziwa, lonse limangooneka lofanana. Kusankha fodya wopita ku Chinkhoma ndi ntchito ya masana ndithu, koma olo kungoona ngati nyama yapsa kapena bala la mbuzi likutuluka mafinya, kuwala kwa buluu kumanamiza.

Sitepe 5: Dinani batani kambirimbiri

Tochi yabwino ya m'thumba ikhale ndi milingo itatu kapena inayi, ndipo wotsikitsitsa ukhale wotsikadi. Umenewu ndi womwe muzigwiritsa ntchito kwambiri, ndi womwenso umapangitsa batire kukhala masiku. Kusiwa, m'chipinda momwe mwagona mwana, mu minibasi mukufufuza chenji chomwe chagwa, simufuna dzuwa.

Zomwe zimandinyansa ine ndi zija zoti kuti uzimitse uyambe wadutsa mowala kwambiri, mowala pang'ono, kenako kuphethiraphethira ngati disiko, kenako SOS. Tsiku lina kusiwa ndikufuna kuzimitsa, inayamba kuphethira pakati pa nyimbo, azibambo onse pamoto kutembenuka, ine manyazi. Yesani pashopu pomwepo: yatsani, dikirani pang'ono, dinani kamodzi. Ikazima, ili bho. Ikakuyendetsani mudisiko, ganizani kawiri.

Batani lenilenilo lizimveka kuti thwa mukadina, lisakhale lofewa ngati phala. La kumatako kwa tochi silivuta kulipeza mumdima. La m'mbali ndi labwino pogwira koma limakonda kudinika lokha m'thumba.

Chenjezo: tochi yamphamvu ikayaka yokha m'thumba imatentha mpaka kuboola nsalu. Funsani ngati ili ndi loko. Ngati ilibe, njira yachidule ndi kumasula chotsekera cha kumatako pang'ono chabe, kagawo kamodzi ka magawo anayi a kuzungulira, pa matochi ambiri a aluminiyamu magetsi amaduka. Yesani muone ngati yanuyo ikutero, chifukwa si zonse.

Sitepe 6: Thupi lake, madzi, ndi thumba lanu

Aluminiyamu ndi yabwino kuposa pulasitiki, imapirira kugwa komanso imachotsa kutentha. Koma samalani, pali mapulasitiki opakidwa penti yonyezimira ngati chitsulo. Igunditseni pa dzino kapena pa kiyi, chitsulo chimamveka komanso chimazizira.

Masulani chotsekera. Mazinga ake aziyenda mosalala osalumalumana, ndipo payenera kukhala kamphete ka mphira kotchinga madzi. Suzumirani mkati muone kasipuling'i, kakhale kolimba, kopanda dzimbiri. Potchajira pakhale kotseka kake kokhala bwino.

Za madzi amalemba IPX. IPX4 ndiye kuti imapirira kuwazidwa, mvula wamba. IPX7 imapirira kumira mita imodzi kwa mphindi 30. IPX8 kuposa pamenepo. Kwa ife a dzinja loyambira Disembala mpaka Malichi, IPX4 ndiye poyambira, ndipo amene mumayenda pa njinga mufune 7 kapena 8. Mawu oti waterproof okha opanda nambala ndi malonda chabe.

Kenako iikeni m'thumba, mukhale pansi, muimirire, muyende pang'ono. Ikukubayani? Ikukoka buluku? Ngati ikusowetsani mtendere pashopu pomwepo, dziwani kuti pakatha sabata izikhala pawindo kunyumba, ndipo tsiku la mphiri mudzakhalanso ndi foni yokha. Ya 18650 yowongoka, yosatukuka mutu, imatalika masentimita 11 kapena 12 chakuti, imeneyo imakhala bwino. Kwa amayi a kachikwama kakang'ono kapena ovala suti, ya AA limodzi ndi yosavuta. Kokolekera pathumba kaja kakhalepo, ndipo ngati kamalola kukoleka kutsogolo kwa kapu ndiye mwapeza tochi ya pamutu yaulere. Zina zili ndi maginito kumatako, mumangomata pa boneti kapena pa felemu ya njinga, amakaniko ndi a kabaza mudzandithokoza.

Sitepe 7: Kuyesa musanapereke ndalama

1. Musalole kuyatsiridwa kumaso. Tochi iliyonse, olo yakufa mawa, imathobwa.
2. Pangani mdima ndi jekete kapena katoni ija, kapena pemphani mulowe kuseri kwa kauntala. Yatsani tochi ya foni, kenako ya pashopuyo, muyerekeze pakhoma limodzi.
3. Isiyeni pa mlingo wapamwamba mphindi ziwiri kapena zitatu uku mukucheza. Kufunda ndi kutsika pang'ono n'kwabwino. Kuzima, kuphethira, kapena kununkha pulasitiki yopsa, ibwezeni.
4. Igwedezeni ili chiyakire, muigunde pang'ono pachikhatho. Ikaphethira ndiye kuti mkati muli zolekana kale.
5. Ikani pa mlingo wotsika, muyang'ane kudzera pa kamera ya foni, kapena gwedezani zala patsogolo pake. Mukaona mizeremizere yambiri kapena zala zikuoneka zodukaduka, kuwalako kukuphethira mwachangu, ena kumawapweteketsa mutu akawerengera nthawi yaitali.
6. Lumikizani chingwe chanu ndi power bank muone ngati kagetsi kosonyeza kutchaja kayaka. Apa pali msampha: matochi ena otchipa a USB-C satchaja ndi chingwe cha C mbali zonse ziwiri, amafuna chija chokhala ndi mutu waukulu wa USB mbali imodzi. Bola mudziwiretu. Ndipo ngati foni yanu ndi ya C, pewani tochi ya micro USB, kuyenda ndi zingwe ziwiri n'kotopetsa komanso kabowo ka micro kamagwedera msanga.
7. Tulutsani batire mulione ndi maso anu. Wogulitsa akakana kuti mutsegule, pitani pena.
8. Gwirizanani za kubweza. Nenani momveka, "Achimwene, ndikaiyesa usiku uno, ikavuta ndibwera nayo mawa." Pashopu tengani lisiti. Ndipo yomwe mwayesayo ndi yomwe mutenge, asakusinthireni ndi ina ya m'katoni yomata.

Za mitengo, zungulirani malo atatu musanagule, chifukwa chitsikire kwacha ndi 44 pelesenti mu Novembala 2023 katundu wochokera kunja aliyense amangotchula mtengo wake. Amene muli ndi wachibale ku Lilongwe, ku Joni kapena wotha kuitanitsa pa intaneti, mayina ngati Fenix, Nitecore, Sofirn, Wurkkos ndi Convoy ndi odziwika pa matochi ang'onoang'ono, ndipo amalemba manambala oyandikira zoona. Convoy S2+ mwachitsanzo ndi ya 18650 imodzi, yolimba, koma ilibe potchajira ndiye imafuna tchaja yapadera, muzidziwiretu zimenezo musanatume munthu. Mayina omwewanso amaberedwa, ndiye dzina pakatoni lisakulepheretseni kuyesa.

Sitepe 8: Usiku woyamba ndi kasamalidwe

Mukafika kunyumba itchajeni idzadze, muli pomwepo, pa simenti kapena patebulo, osati pa matiresi kapena pansi pa pilo. Gwirani batire kapena thupi lake nthawi ndi nthawi, kufunda pang'ono palibe vuto, kutentha koti simungagwire chotsani msanga.

Kukada, yatsani pa mlingo wapakati muone nthawi, muisiye mpaka itayamba kufooka. Mwadziwa tsopano maola ake enieni, osati a pakatoni. Ikalephera olo theka la zomwe analemba, mawa m'mawa ulendo wobweza.

Kenako ipatseni malo ake amodzi. Thumba lomwelo tsiku lililonse, usiku pamalo omwewo pafupi ndi bedi, poti dzanja lizipeza musanatsegule maso. Ana auzeni kuti iyi si yoseweretsa, kapena agulireni yawo yotchipa, apo ayi muzidzaipeza pansi pa bedi batire litatheratu. Muziitchaja Lamlungu lililonse olo isanathe, lithium sakonda kuphwa mpaka pansi, ndipo likakhala lophwa miyezi limatha osadzukanso. Mazinga muziwapukuta ndi kansalu. Pa kamphete ka mphira paja pamafunika girisi wa silicone, mafuta odzola amafufumitsa mphira wina, ngati mulibe bola kungopasiya.

Zolakwika zomwe anthu amabwereza

Kuponya batire lapadera la 18650 m'thumba limodzi ndi makiyi ndi makobidi. Ichi ndiye choopsa kuposa zonse. Chitsulo chikakhudza mbali ziwiri, batire limatentha mphindi yomweyo mpaka kuphulika pantchafu. Lisungeni m'kabokosi kake kapulasitiki, kapena mulikulunge bwino palokha.

Kusiya tochi ya lithium pa dashibodi kapena pawindo mu Okutobala. Kutentha kumapha batire.

Kusiya mabatire a AA mu tochi yomwe simukuigwiritsa ntchito. Mudzaitsegula mudzapeza zoyera ngati mchere zitadya kasipuling'i. Ngati zachitika kale ndipo anali a alkaline, pukutani ndi kathonje konyowetsa ndi madzi a ndimu kapena viniga. Ngati anali otchipa wamba aja, soda wophikira therere wosungunula m'timadzi ndi amene amathandiza. Muumitse bwino musanaikemo ena, ndipo musambe m'manja.

Kusakaniza batire latsopano ndi lakale, kapena mitundu iwiri. Lakalelo ndi lomwe limatuluka madzi.

Kuyenda pa mlingo wapamwamba nthawi zonse, kenako n'kumadandaula kuti batire silikhalitsa. Maso akazolowera mdima, mlingo wotsika umakwana.

Kuunika anthu kumaso. Kwathu kuno chimenecho ndi chipongwe, makamaka kwa akuluakulu, ndipo pamsewu mukathobwa wa njinga yamoto kapena dalaivala akhoza kukugundani inu nomwe. Lozetsani pansi, patsogolo pa mapazi anu, galimoto ikuonani bwinobwino.

Kutaya batire lakufa pamoto wa zinyalala kapena kupatsa ana aziseweretsa. La lithium limaphulika pamoto. Matani mitu yake ndi tepi, mulisunge padera kutali ndi ana ndi ziweto.

Kubwereketsa. Apa sindinama, ndalephera kupeza mankhwala ake. Amalume anabwereka yanga yoyamba yabwino ija popita kumaliro ku Nkhamenya chaka chatha, akuti abweza Lachitatu, ndipo ndikawafunsa amangoti, "Mphwanga, katochi kaja n'kabwino zedi, unakagula kuti?"